Mfutso wa ku Kasanda

MUTU 7

1. Chenjezo la Ba Nelly

Tiza Daka anali mtsikana wa mawu ochepa. Kusukulu ankakhala pa desiki ya kumbuyo, ndipo ngakhale yankho analidziwa, dzanja lake silinkakwera. Atamaliza Giredi 12 anangokhala pakhomo ku Chililalila, komboni ya mu Kabwe, kusesa ndi kuchapa, uku akudikira malo ku koleji. Mnzake Lushomo ndiye anamukokera ku gulu la achinyamata odzipereka limene linkakumana Lachiwiri ndi Lachisanu mu holo yaing'ono ya ku Nakoli.

Gululo linkasonkhanitsa zovala, sopo ndi mabulangete. Katunduyo ankapita kutali, kumsasa wa kumalire, kumene kunali anthu othawa nkhondo ku Congo. Anthuwo anali kudikira mapepala owalola kukhala m'Zambia, ndipo podikirapo analibe munda, analibe ntchito.

Mtsogoleri wa gululo anali Ba Nelly, nesi wopuma pantchito, mayi wamfupi koma wa mawu aakulu. Lachiwiri lina m'mwezi wa Epulo anafika atangobwerako kumsasako.

"Ana anga, ndaona ndi maso anga," anatero. "Ufa akulandira, nyemba akulandira, mafuta pang'ono. Koma masamba kulibe. Ana ali ndi zilonda m'mbali mwa kamwa. Amayi oyembekezera atuwa m'maso. Tsono ulendo uno tiwapangira mfutso. Kukhitchini ya ana azikausinja n'kumathira m'phala."

Kangwa, mnyamata wamtali wokonda nthabwala, anakweza dzanja. "Ba Nelly, mfutso ni chani? Ni ya pa foni?"

Holo yonse inaseka. Ambiri mwa iwo anali obadwira m'tauni, masamba ankangowaona pamsika atamangidwa kale.

"Uyu adziba!" anakuwa Lushomo, akumugunda Tiza ndi chigongono. "Kwao ni ku Petauke. Kamba, iwe!"

Tiza anaimirira akuyang'ana zala zake zakumapazi. Anafotokoza motsitsa mawu mmene amayi ake anamuphunzitsira. Masamba a maungu, amene ku Kabwe amati chibwabwa, umayamba wawasadzula, kenaka umawaduladula. Umawaponya m'madzi owira a mchere kanthawi kochepa, osadikira kuti apse. Ukawavuula umawayanika padzuwa mpaka atauma kuti gwa. Akatero amakhala chaka osaonongeka.

"Imwe, tili na Profesa pano!" anatero Kangwa. Anamuombera m'manja, ndipo dzinalo linamumatirira. Chibadwire Tiza anali asanaomberedwe m'manja. Makutu ake anatentha.

Ba Nelly anadikira kuti phokoso lithe.

"Tsopano tcherani khutu, ichi sindibwereza. Masamba onse achokera ku famu ya Ba Langford ku Mulungushi. Atipatsa ulere. Munthu asawonjezerepo tsamba ngakhale limodzi la m'dimba la kunyumba. Mukudziwa nonse kuti ife a ku Kabwe tinabadwira pa dothi lodwala. Mgodi unatsekedwa kalekale, koma mtovu wake unatsala. Uli m'fumbi, uli m'ngalande, makamaka m'makomboni a m'munsi mwa phiri lakuda lija la zotsalira za mgodi. Mtovu suoneka, sununkha, suwawa pakamwa, ndipo moto suupha. Ukalowa m'thupi mwa mwana umathamangira kumutu. Mwanayo sakuwa, sagwa, amangotsalira m'mbuyo pang'onopang'ono. Ndagwira ntchito m'kiliniki zaka makumi atatu, ana otere ndawaona, ena ndi abale anu. Masamba aawisi timatsuka katatu, koma mfutso ukauma ndi fumbi sutsukikanso. Ana a kumsasa matupi awo ndi ofooka kale. Anathawa mfuti, tisawatumizire matenda m'kathumba komanga bwino. Choncho masamba a ku Mulungushi okha, ndipo muyanike pamwamba, pathandala kapena padenga, osati pansi. Zikakuvutani bwerani mudzanene. Thumba lopanda kanthu ndilandira. Bodza ndilo sindilandira."

Aliyense anapatsidwa thumba limodzi la masamba. Profesa anapatsidwa awiri.

2. Mvula ya Lachitatu

Tiza anagwira ntchitoyo ndi mtima wonse. Anasadzula mpaka zala zinayabwa, anafutsa, ndipo Lachitatu m'mawa anakwera pa mgolo n'kuyala masamba onse padenga la malata. Amayi ake anali atapita kumsika, kumene ankagulitsa tomato. Pakhomo panatsala iye ndi mlongo wake wamng'ono Fidelis.

Fidelis anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, koma anali akadali mu Giredi 1. Anabadwira ku Kasanda, m'munsi mwa phiri lakuda, kumene banja lawo linkakhala kale. Anachedwa kuyankhula. Atamuyeza magazi kukiliniki anamupeza ndi mtovu wambiri, ndipo n'chifukwa chake anasamukira ku Chililalila. Anali mwana wansangala, koma zilembo zimene anaphunzira m'mawa, madzulo zinali zitathawa.

Masana Lushomo anatulukira pageti atavala bwino.

"Tiye ku tauni, mnzanga. Kangwa na banzake bafuna kugulira Profesa chipisi."

"Ndili ndi masamba padenga."

"Masamba ali na mendo? Sathaba. Ona kumwamba, kulibe na kamtambo."

Kunalibedi mtambo. Ndipo tinene zoona, palibe amene anamuitanapo Tiza kukadya chipisi. Anasintha bulauzi, anauza Fidelis kuti asatuluke pageti, napita.

Ali pakati pa kudya, kunja kunada. Mvula ya mu Epulo, imene anthu ankati yatha, inabwerera ngati yaiwala kanthu. Tiza anathamangira minibasi, koma pofika ku Chililalila madzi anali akuyenderera m'misewu. Anapeza Fidelis ataima pabwalo, atanyowa thupi lonse, akuloza padenga.

"Tiza, masamba asamba," anatero.

Ena anali atakokoloka n'kugwera m'matope. Otsalawo Tiza anawakokolola n'kuwaponya m'thumba la pulasitiki, nawabisa kuseri kwa chitseko. Amayi ake atafunsa anayankha kuti anawaanula mvula isanagwe.

Mvulayo inagwa masiku atatu. Loweruka Tiza atamasula thumba, fungo linamubweza m'mbuyo. Masamba anali atachita chuku, oyera ngati thonje. Anadikira kuti amayi ake apite kumsika, nawakwirira m'dzenje la zinyalala.

Ba Nelly anali atanena kuti thumba lopanda kanthu alandira. Tiza ankakumbukira. Koma ankakumbukiranso mmene holo inaombera m'manja. Profesa akafike chimanjamanja, Kangwa amene sankadziwa n'komwe mfutso atabweretsa wake?

3. Ku Kasanda

Tsiku lomwelo anakwera minibasi ya ku Kasanda, kwa amayi ake aang'ono, Ba Juliet.

Kuseri kwa nyumba ya Ba Juliet kunkadutsa ngalande, ndipo m'mbali mwake chibwabwa chinali chitayanga mpaka pampanda. Masamba ake anali aakulu ngati mbale, obiriwira kuposa a ku Mulungushi. Ukakweza maso unkaona phiri lakuda litangoti tuu, lopanda mtengo ngakhale udzu.

"Anti, ndithyoleko chibwabwa? Amama akufuna mfutso."

"Thyola, mwana wanga, chikungoonongeka. Amako asiya mantha tsopano? Paja chisamukireni sadya kanthu ka kuno." Ba Juliet anaseka. "Ife timadya tsiku lililonse. Tinafa?"

Mawu amenewo Tiza anawagwira ndi manja awiri. Anti amadya tsiku lililonse ndipo sanafe. Anathyola matumba awiri odzaza.

Kunyumba sakanapita nawo. Anafutsira komweko pa mbaula ya Ba Juliet. Thandala panalibe, ndipo denga linali la malata owola, osakwereka. Anayala masaka pansi, pabwalo, n'kuyanika pamenepo.

Dzuwa linabwerera ndi mphamvu, matope anauma. Pamsewu wa kutsogolo pankadutsa malole onyamula dothi lakuda la kuphiriko. Lole ikadutsa, fumbi linkakwera n'kutsika pang'onopang'ono, pampanda, pazovala zoyanika, pamasamba. Tiza ankawakupiza ndi katoni. Lamulungu atachoka kutchalitchi anabweranso, Lolemba anabweranso. Amayi ake ankawauza kuti akupita ku gulu.

Lolemba madzulo mfutso unali utauma bwino. Pokutumula masaka, pansi pake panatsala kafumbi kotuwa, kosalala ngati ufa. Tiza anakafufuta ndi phazi.

4. Mulu umodzi

Lachiwiri onse anabweretsa mfutso wawo kuholo. Wa Kangwa unali wakuda chifukwa anauphikitsa. Wa Lushomo unali wochepa, nkhuku za aneba zinadyako. Ba Nelly anatapa wa Tiza m'dzanja, naununkhiza.

"Taonani uwu. Wobiriwira ngati wothyola lero. Umu ndimo amafutsira."

"Profesa ni Profesa," anatero Kangwa, akuvula kapu.

Tiza anayesa kumwetulira, koma milomo inakana.

Pamenepo Ba Morgan analowa atanyamula tenti yaikulu. Iwo ndiwo ankasunga katundu wa gulu ndi kuyendetsa lole. Anayala tentiyo pakati pa holo.

"Khuthulirani pano monse," anatero. "Bena bafutsa chibwabwa, bena masamba a nyemba, wina wapsereza. Tisakanize kuti mwana aliyense adye vofanana."

Matumba anayamba kukhuthulidwa. Tiza anaima atagwira ake awiri. Nthawi yonena inali imeneyo. Akananena, akanataya matumba awiri okha, n'kusekedwa sabata imodzi. Anayang'ana Ba Nelly, koma iwo anali kuwerama, kudula timatumba tapulasitiki. Anatsegula pakamwa.

"Leta, Profesa, uchedwa," anatero Kangwa. Anamulanda matumbawo n'kuwakhuthula pamwamba pa mulu.

Kenaka anapinda manja a malaya nayamba kusakaniza, akuimba nyimbo ya kwaya. Ena analowa nawo, kutembenuza za pansi kuti zibwere pamwamba. Tiza ankatsata masamba ake ndi maso. Poyamba ankawazindikira chifukwa cha kubiriwira. Posakhalitsa sanathenso kuwasiyanitsa.

Tsiku lonselo analongedza mfutso m'timatumba, timatumbato n'kuika m'makatoni. Pakatoni iliyonse Lushomo analemba ndi cholembera chachikulu kuti KHITCHINI YA ANA. Ba Morgan analengeza kuti lole inyamuka Loweruka m'mawa.

Lachitatu Tiza sanadye. Lachinayi amayi ake anamugwira pamphumi kuona ngati ali ndi malungo. Lachisanu, gulu litamaliza kumanga mabulangete, Ba Nelly anapatsa aliyense kathumba kamodzi ka mfutso wotsala.

"Kalaweni thukuta lanu," anatero.

Tiza anafika nako kunyumba n'kukaponya pamwamba pa kabati.

5. Mphika wa Fidelis

Anapita kukatunga madzi. Pampopi panali mzere, ndipo anachedwa. Pobwera, dzuwa likupendeka, anamva fungo ali pageti. Linali fungo la mfutso wotendera.

Amayi ake anali pambaula akutakasa kamphika. Fidelis anali atakhala pampando wake wamng'ono, mbale ili pamiyendo, nshima ili kale pambali.

"Ndapeza kathumba kako pakabati," anatero amayi. "Mlongo wako wa njala uyu sakanadikira. Bweretsa mbale, Fide, ulawe za manja a mlongo wako."

Fidelis anatambasula mbale. Amayi anatapa ndi chipande.

Tiza sanadziwe mmene chidebe chinachokera pamutu pake. Anangoona madzi akuyenderera pabwalo, iye atagwira kamphika kotentha ndi manja opanda nsalu. Anakathamangitsira kudzenje la zinyalala nakakhuthula konse.

Fidelis anayamba kulira.

"Wapenga?" anakuwa amayi. "Nsinjiro zanga! Tiza, chakulowa n'chiyani?"

"Asadye, Amama."

"Chifukwa?"

Tiza anayang'ana zikhatho zake. Zinali zitafiira.

"Ndikufunsa iwe. Mfutso wa ku Mulungushi, wofutsa wekha, mlongo wako asadye chifukwa chiyani?"

"Si wa ku Mulungushi wonse. Wanga unavumbwa n'kuwola. Ndinakathyola kwa Anti."

"Ku Kasanda?"

"Inde."

"Pangalande paja?"

"Inde."

"Unayanika pati?"

"Pansi."

Amayi anakhala pansi pomwepo, pakhonde. Anamukoka Fidelis n'kumupukuta misozi ndi chitenje, namutuma kuti akagule mazira awiri pakantemba. Mwanayo atatuluka pageti ndi pamene anatembenuka.

"Mfutso winawo uli kuti?"

"Tinasakaniza wonse. Uli m'makatoni. Lole inyamuka mawa."

"Ndipo ukupita kwa ana."

Tiza anavomera ndi mutu.

"Tiza, mwana wanga, khala apa undimve. Iwe unali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinkamubereka Fidelis kupita naye kukiliniki mwezi ndi mwezi. Unkandiperekeza, unkanyamula kadi. Unaona mmene ankakuwira pomubaya. Ine ndinkalima pangalande yomweyo. Ndinkaphika masamba omwewo, ndinkamusiya akukwawa pafumbi lomwelo, chifukwa sindinkadziwa. Palibe anandiuza. Mpaka lero akabwera ndi buku lopanda chongi ngakhale chimodzi, ine ndimalowa m'nyumba kukalira ndekha. Koma ine ndili ndi pobisala, ndimati sindinkadziwa. Iwe ubisala pati? Lero waotcha manja ako kuti mlongo wako asalawe ngakhale chipande chimodzi. Wachita bwino. Nanga uja wa kumsasa, amene alibe mlongo woti amulande mphika? Wako ndiye mwana, wa ku Congo ndi mbuzi? Mayi wake anamubereka kumsana, anawoloka naye nkhalango ndi mitsinje kuti akhale moyo. Akalandira kathumba kako agwada, athokoza, amudyetsa ndi dzanja lake. Sadzadziwa, monga ine sindinadziwe. Manyazi ndi oipa, mwana wanga. Akuchititsa chinthu chimene mtima wako sukanachita."

Tiza anali akulira mosatulutsa mawu.

"Ndikanena ataya wonse, Amama. Ntchito ya anthu onse. Adzandida."

"Adzakuda, inde."

"Mundiperekeze."

"Iyayi. Ku Kasanda unapita wekha. Ku Nakoli upitanso wekha. Bwera kuno ndikuthire madzi ozizira m'manjamo."

Madzulo omwewo Tiza analemba uthenga pafoni wopita kwa Ba Nelly. Anaufufuta. Analembanso, naufufutanso.

6. Lole

Loweruka m'mawa anafika ku Nakoli mochedwa, chifukwa anatsika minibasi patali n'kuyenda pang'onopang'ono. Lole inali itaima pakhomo pa holo, katundu atakwezedwa kale. Ba Morgan anali kukoka chingwe chomaliza. Anyamata ndi atsikana anali kujambulana kutsogolo kwa makatoni.

"Profesa wafika! Bwera pakati!" anaitana Lushomo.

Tiza anaima pageti. Anapemphera onse, iye ali pomwepo. Ba Nelly anakwera kutsogolo, pambali pa dalaivala. Injini inalira. Anthu anayamba kukweza manja kutsazika.

Lole itayamba kusuntha, Tiza anachoka pageti n'kukaima pakati pa njira.

Ba Morgan anaponda buleki mpaka makatoni anagwedezeka. Anatulutsa mutu pawindo. "Iwe mwana! Ufuna kunimangitsa?"

Tiza anazungulira ku mbali ya Ba Nelly. Anagwira chitseko ndi dzanja lake lamatuza.

"Ba Nelly, mfutso usapite."

"Ukuti chiyani? Kweza mawu, injini ikusokosa."

Ba Morgan anazimitsa injini. Pabwalo panangoti zii. Tsopano aliyense akanamva.

"Mfutso usapite. Wanga sunali wa ku Mulungushi. Unawola ndi mvula. Ndinakathyola ku Kasanda, pangalande, ndipo ndinayanika pansi. Malole ankadutsa."

Palibe anaseka. Ba Nelly anatsegula chitseko natsika pang'onopang'ono.

"Matumba onse awiri?"

"Onse awiri."

"Amene tinasakaniza Lachiwiri?"

"Inde."

Kangwa ndiye anayamba. "Awe, Tiza! Awe! Sabata yonse nasadzula mpaka zala kutupa! Unaimirira apo, nakulanda matumba, sunakambe kanthu? Nasakaniza na manja yanga ine!"

"Tingasankhule," wina anatero. "Wake unali wobiriwira."

"Usankhula fumbi?" anafunsa Ba Nelly. "Masulani chingwe. Tsitsani makatoni onse a mfutso. Zovala ndi mabulangete zipita."

Anyamata anakwera pa lole mosafuna. Makatoni anayamba kutsika, ndipo Kangwa ankawaponya pansi mwamphamvu. Lushomo anapita kukaima kumbali, akuyang'ana kwina. Palibe anamutchulanso Profesa.

Ba Nelly anatembenukira kwa Tiza.

"Mvula si mlandu, mwana iwe. Mvula imagwa pa aliyense. Ukanabwera tsiku lomwelo, Ba Langford akanatipatsa masamba ena. Ukananena Lachiwiri, tikanataya matumba ako awiri basi. Lero tikutaya thukuta la anthu makumi awiri, ndipo chibwabwa kumunda chayamba kuuma. Ana aja ndinawalonjeza ndi pakamwa panga. Waona mmene kukhala chete kumakulira? Tsiku lililonse kumabereka. Koma ndinenenso ichi, ndipo nonse mumve. Mwana uyu akanatha kutikwezera dzanja ngati inu, lole n'kupita, ndipo palibe akanadziwa mpaka kalekale. Waima kutsogolo kwa lole. Mukwiye naye, n'koyenera, inenso ndakwiya. Koma amene amutukwane ayambe wandiuza ngati iye akanaima."

Kangwa anatsitsa katoni yomaliza, nakhala pamwamba pake atagwira mutu.

Ba Nelly anayang'ana makatoniwo. Nkhope yawo inasintha.

"Ba Morgan, apa pali asanu. Tinamanga asanu ndi imodzi."

Ba Morgan anavula chipewa. "Ba Nelly, mwaibala? Lachinayi kunapita motoka ya manesi. Munakamba mweka kuti katoni imodzi itsogole, bana bayambe kudya."

Ba Nelly anatseka maso. Kenaka anapisa dzanja m'chikwama mofulumira, natulutsa foni. Anafufuza nambala.

"Khitchini ya ana amayang'anira ndi Mama Mujinga," anatero. "Ndi mmodzi wa othawa kwawo. Kwawo anali mphunzitsi, kumsasa amaphikira ana popanda malipiro. Chibemba amamva." Anadina, nakweza mawu a foni kuti onse amve, naitambasulira kwa Tiza. "Tenga."

"Ine?"

"Iwe. Ine sindinafike ku Kasanda."

Tiza analandira foni ndi manja awiri. Inaitana kamodzi, kawiri, katatu. Inaduka. Ba Nelly anadinanso. Ulendo uno inayankhidwa.

Choyamba kumveka linali phokoso la ana, ambiri, ndi masipuni akugogoda mbale. Pafupi pomwepo munsi unkagunda mumtondo, du, du, du. Kenaka panabwera mawu a mayi, okondwa, akuyankhula Chibemba chosakaniza.

"Ba Nelly! Mulungu akudalitseni! Masamba anu anafika. Dzulo ana ananyambita mbale, mpaka ena analira kuti tiwonjezere. Panopa tikusinja a phala la m'mawa uno, madzi awira kale."

Onse pabwalo anayang'ana Tiza. Anayandikitsa foni pakamwa.

"Mama, si Ba Nelly. Dzina langa ndine Tiza, wa ku Kabwe. Chonde, auzeni aike munsi pansi. Musathire m'phala."

Mayiyo anayankhula ndi munthu wina m'chinenero chimene Tiza sanachimve. Kutali uko kumalire, mtondo unaleka kulira. Masipuni okha ndiwo anapitiriza.

"Taika pansi," anatero Mama Mujinga, ndipo chisangalalo chinali chitachoka m'mawu ake. "Ana ali pamzere ndi mbale zawo. Nena, mwana wanga. Tawadyetsa chiyani dzulo?"